Chambo changa chawaya chija chatuluka panja

Sabata yachisanu iyi ndipo chambo chija chatha, Loweruka ndachitulutsa panja koyamba. Amene simunaone zomwe ndinalemba kumbuyoku, ndi chambo chachitali masitepe anga atatu, mafupa ake ndi waya wam'matayala akutha, mamba ndinadula ku mabotolo apulasitiki omwe ndakhala ndikutola m'mbali mwa Shire, ndiye kumimba ndinakuta ndi ukonde wong'ambika omwe msodzi wina waku Malombe anandipatsa ulere. Mamba okha anditengera masabata awiri, kuboola limodzilimodzi ndi msomali wotentha, zala zonsezi matuza.

Tinachinyamula awiri ndi mphwanga mmamawa dzuwa lisanapse, nkukachiyika chapafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ija ku Mangochi, mukamalowera ku mlatho wa Bakili Muluzi. Malo amenewo ndinawasankha dala. Pamenepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, koma tonse timangodutsapo osacheuka nkomwe chifukwa tinazizolowera, ndiye ndimafuna ndione ngati chinthu chongobwera masiku awiri chingaimitse munthu.

Oyamba kuima anali akabaza. Wina anafunsa kuti achimwene ndi bungwe liti lakutumani, nditati palibe ndangopanga ndekha sanakhulupirire, akuti ndiye mupindula chani. Mayi ena osenza beseni la usipa anachilambalala patali ndithu, kenako anabwerera nkufunsa ngati mulibe mankhwala mkatimo, ndinawauza asuzumire okha, ataona mabotolo okhaokha anaseka mpaka kutula beseni pansi. Ana ndiye osanena, kugwira, kugogoda, mamba asanu ndi limodzi anathothoka tsiku loyamba lomwelo.

Koma amene sindiwaiwala ndi madala ena ovala mkanjo, amachokera chaku msika. Anaima nthawi yaitali osayankhula, kuzungulira kawiri, kenako akuti mwanawe, nsombayi wayiona yamoyo kapena yam'mbale basi? Anandionetsa kuti chipsepse chapamsana ndafupikitsa, cha chambo chimayambira kumbuyo kwa mutu mpaka kufupi ndi mchira ndipo kutsogolo kwake kumakhala minga yolimba, ine ndinangochipanga chofewa chonse. Anatinso kukamwa ndachepetsa, chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa, ndiye kukhosi kumayenera kutukumuka. Amalankhula uku akupinda wayayo ndi manja awo, ine ndinangowasiya. Kenako anayamba kufotokoza mmene chambo chinalili chambiri ku Malombe iwo ali anyamata, anthu anaunjikana mwina khumi kumvetsera, wina kutsutsa, wina kunena za maukonde audzudzu omwe akukokolola ndi tiana tomwe. Ine ndinangokhala pambali mtima uli myaa.

Lamulungu masana mphepo yochokera kumtsinje inachigwetsa kawiri, mchira unapindika, miyendo yomwe ndinachiimikira ndi yopepuka kwambiri. Madzulo tinachibweza kunyumba, ndinasesa pamalopo kuti pasatsale pulasitiki ngakhale imodzi.

Sabata ino ndikumasula msana wonse kuti ndiike minga ngati mmene madala aja ananenera, ndapeza masipoko anjinga akale kwa wokonza njinga, ndi olimba bwino. Miyendo ndithira simenti m'zitini zapenti. Chomwe chikundisowa ndi mabotolo obiriwira, oyera ndili nawo thumba lathunthu.