Lachinayi ku Ngabu: K8,000 mpaka Lolemba

Ndinadzuka kusanache, chifukwa mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa ukachedwa pang'ono dzuwa limakupsereza panjira. Ndisanatuluke ndinamasula mfundo ya pachitenje n'kuwerenga. Inali K8,000. Bambo a ana alandira Lolemba, ndiye ndalama imeneyi idyetse anthu asanu masiku anayi. Mwayi wake ufa ulipo, mgaiwa wosakaniza ndi mapira a m'munda mwathu.

Ndinayambira kusikelo. Mwana wanga wamng'ono wakwera pang'ono, koma mzere wa pakhadi ukungokwawa. Alangizi a zaumoyo anandifunsa zimene anadya dzulo. Ndinati phala m'mawa, nsima ya therere masana, madzulo therere lomwelo. Sanandikalipire. Anangondiuza kuti ndipinde chala pa gulu lililonse limene mwana analawa, iwo akutchula onse 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndinapinda zala ziwiri basi. Zinandiwawa, chifukwa mwanayu sanagonepo ndi njala, ndipo ine ndinkayesa kuti akakhuta ndiye kuti wadya bwino.

Pamsika ndinalowa nditatsimikiza mtima kuti ndigula zokhazo zimene sizimera pakhomo. Mafuta ophikira ndinagula oyeza, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo lathunthu silinalowenso m'nyumba mwathu. Mchere ndinasankha wa m'paketi, wokhala ndi ayodini. Pa nsomba ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. Panali milamba yowamba ndi makakana a m'madambo a Shire, onona bwino, koma mlamba umodzi ukanatha pa chakudya chimodzi. Ndinatenga milu iwiri ya matemba. Amenewa timadya ndi minga yomwe, ndipo ukawakazinga n'kuwasinja umathira supuni imodzi m'phala la mwana masiku angapo. Kenaka khobwe, mtedza wa nsinjiro, tomato pang'ono ndi malambe. Ngabu ndi kwao kwa ng'ombe ndi mbuzi, koma pabutchala ndinangodutsa.

Nditafika kunyumba ndinapeza apongozi ali pamkeka pansi pa mtengo. Ndinawafotokozera za zala ziwiri zija. Iwo analoza kumpanda n'kunena kuti, "Mwananga, sangowa uyu ukumusiyira mbuzi?" Chammwamba amachitchula choncho, mwa Chisena. Mitengo imeneyi imakhala yobiriwira ngakhale pamene udzu wonse wauma, koma ine ndakhala ndikuiona ngati ndiwo za osowa. Amayiwa anapulumukapo zaka za njala podya nyika, mizu ya zomera za m'madambo, ndipo madzi a namondwe wa Freddy atakokolola minda mu 2023 ndi iwo amene ankadziwa masamba odyedwa ndi osadyedwa. Akalankhula za chakudya ndimamvera.

Anandiphunzitsa kaphikidwe kake. Madzi pang'ono, masamba alowe madzi atawira kale, asakhalitse pamoto. Soda ayi. Ine ndinazolowera kuthira soda kuti ndiwo zifewe msanga, osadziwa kuti amawononga mavitamini ena. Pomaliza nsinjiro ndi tomato. Masamba otsala tinawayanika pamthunzi, pakhonde, kuti akauma tisinje.

Masana tinadya nsima, chammwamba chotendera ndi matemba. Malambe ndinawaviika m'madzi owiritsa, n'kusefa, n'kuthira shuga pang'ono. Ana amakonda zakumwa za m'mabotolo zija, zomwe ndi shuga ndi mtundu chabe, koma awa anamwa mpaka kupempha ena. Alangizi aja anati zipatso zowawasa ngati malambe ndi masau zimathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, amene amaonjezera magazi. Wamng'onoyo poyamba anakana ndiwo, atazilawa pa mbamu yanga anayamba kutapa yekha.

Madzulo ano ndawerenganso zala ndipo zakwana zisanu. Khobwe ndamuviika kale kuti mawa asadye nkhuni zambiri, ndipo madzi ake oyamba ndidzataya. Pamfundo patsala K1,500. Imeneyi sindiikhudza mpaka Loweruka, ndikufuna ndidzagule mazira awiri kwa anansi athu oweta nkhuku, limodzi la phala la Loweruka, lina la Lamulungu.