Kontena imodzi yatidyera sabata yonse

Ntchito yanga padoko ndi kuyendera katundu yemwe tikumukayikira kuti ndi zinyalala zoopsa. Lolemba tinatsegula kontena yomwe mapepala ake ankati muli zipangizo zamagetsi zakaunjika, zogwira ntchito. Pakhomo panalidi ma TV abwinobwino, okutidwa mosamala. Titachotsa mizere yoyambirira, zenizeni zinaonekera: ma TV akale achimsana aja, magalasi ali phwanyikephwanyike, zingwe zodulidwa, mafiriji adzimbiri. Galasi la ma TV amenewa limakhala ndi mtovu, womwe ndi poizoni. Kumene amakatsitsidwa, achinyamata amawotcha zingwe pofuna kopa, utsiwo n'kumaupuma tsiku lonse.

Kuyambira Lachiwiri inali ntchito ya foni ndi makalata. Pangano la Basel la 1989 limaletsa kutumiza zinyalala zoopsa kudziko lina popanda chilolezo cholembedwa cha dzikolo. Magulu a zigawenga amalidziwa lamuloli pamtima, n'chifukwa chake salimbana ndi kuzemba usiku. Amangosintha dzina la katundu papepala. Kampani yotumiza inali yongolembetsedwa kumene, yopanda ofesi, ndipo yemwe analembedwa ngati mwini wake ndi bambo wosauka amene anabwereketsa chiphaso chake pofuna kandalama. Atamva za mlandu ananjenjemera, ndipo ndinamumvera chisoni.

Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi eni mafakitale ndi makampani otolera zinyalala. Kutaya poizoni motsatira malamulo n'kodula. Ndiye munthu akabwera n'kunena kuti achotsa zonse pamtengo wozizira, iwo safunsa kumene zikupita, chifukwa yankho akulidziwa kale. Umu ndi mmene gulu la zigawenga la Camorra linalemerera ku Italy, likukwirira ndi kuwotcha zinyalala za m'mafakitale pakati pa Napoli ndi Caserta, mpaka mu Januwale 2025 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula kuti boma linalephera kuteteza miyoyo ya anthu a kumeneko. Ku Abidjan nako, m'dziko la Ivory Coast, mu 2006, zinyalala za sitima ya pamadzi ya Probo Koala zinatayidwa mumzinda, anthu zikwizikwi n'kuthamangira kuchipatala.

Lachisanu tinaitsekanso kontenayo kuti ibwerere komwe inachokera, monga panganolo limanenera. Dalaivala wafunsidwa kale, bambo wachiphaso uja nayenso. Amene analipira ulendowu sanapezekebe, ndipo fayilo tapereka kwa apolisi otsata njira za ndalama.