Ndege yopanda injini m'nyengo yozizira

Anzanga, lero ndakhala mumlengalenga mphindi 18 zokha, basi n'kutera. Nyengo yozizira ndi yotero kwa ife oyendetsa ndege zopanda injini. Timadalira mpweya wofunda umene umakwera dzuwa likawotcha nthaka, koma masiku ano dzuwa likudutsa chapansi, nthaka ili chinyontho, ndiye kutentha konse kumathera poumitsa dothi. Variometer yanga, kachipangizo kosonyeza ngati ndege ikukwera kapena kutsika, inangolira kawiri pamwamba pa munda wolima kumene, ndinazungulira kamodzi, kenako zii.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi chivundikiro cha mpweya wofunda. Usiku kukakhala kopanda mitambo nthaka imazizira zedi, mpweya wozizira n'kukhazikika pansi, wofunda pamwamba pake. Mpweya wokwera ukafika pamenepo umaima ngati wagunda denga. Ukaona utsi wa m'mawa ukukwera pang'ono kenako n'kuyala chammbali, wadziwa kale kuti lero palibe chako.

Komatu nyengoyi sindiinyoza. Mphepo yozizira ikangodutsa, tsiku lotsatira kumwamba kumazizira kwambiri, timitambo toyera tosonyeza kuti mpweya ukukwera n'kutuluka masana, ngakhale kwa maola ochepa chabe. Ndipo kumene kuli mapiri, mphepo yamphamvu ikawoloka imapanga mafunde mumlengalenga, osadalira dzuwa n'komwe. Mafunde otere ndi amene anakweza ndege yopanda injini yotchedwa Perlan 2 kupitirira mamita 23,000 ku Argentina mu 2018. Ine n'kufika kotala ya pamenepo ndingavine sabata yathunthu.

Zala zikadachita dzanzi mpaka pano. Mawa ndivala magolovesi ochindikala, ndipo sindinyamuka isanakwane 1 koloko.