Mbiri ya bizinesi yathu: kulondera ma database a mabungwe ang'onoang'ono

Tinayamba ngati kashopu kokonza makompyuta ku Limbe, tili anthu atatu. Makasitomala athu ambiri anali ma SACCO, zipatala zolipira, ma pharmacy ndi sukulu za pulayiveti. Pafupifupi seva iliyonse imene tinkatsegula inali ndi vuto lofanana: database, nkhokwe ya pa kompyuta yosunga mayina a anthu, manambala a ziphaso za unzika, ngongole zawo ngakhale matenda awo inali pambalambanda. Kukonza makina tinakusiya, ndipo lero ntchito yathu ndi kulondera ma database.

Wakuba amayamba wazonda asanathyole nyumba, ndipo pa intaneti kuzondako n'kosavuta. Webusaiti ya Shodan imayendera makompyuta onse olumikizidwa ku intaneti n'kulemba makomo amene ali otsegula. Pulogalamu iliyonse ya database ili ndi khomo lake lodziwika ndi nambala: khomo la MySQL ndi port 3306, la PostgreSQL ndi 5432, la SQL Server ndi 1433, la MongoDB ndi 27017. Mu 2017 ma database a MongoDB zikwi zambiri osiyidwa opanda password anafufutidwa, eni ake n'kupezamo kalata yofuna dipo mu Bitcoin. Zina wozonda amazitola kwa eni ake omwe. Chilengezo cha ntchito chonena kuti mukufuna wodziwa SQL Server 2012 chimamuuza kuti muli pa pulogalamu imene Microsoft inasiya kuikonza mu 2022. Pa LinkedIn ndi Facebook amapeza dzina la akauntanti, kenaka amaimba foni ngati wa kampani yogulitsa pulogalamu n'kupempha nambala ya AnyDesk, pulogalamu yoyendetsera kompyuta uli kutali, kuti "akonze kavuto".

Choncho sabata yoyamba kwa kasitomala aliyense timazonda ngati wakubayo. Sitikhudza chilichonse mkulu wa bungwe asanasaine kalata yotchula ma IP address (manambala odziwira makina pa intaneti) ndi maola amene tiloledwa, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Tikatero timayendetsa nmap, pulogalamu yofufuza makomo otsegula, kuchokera kunja, timaona pa webusaiti ya crt.sh maadiresi akale a pa intaneti amene bungwe linaiwala, ndipo timawerenga maakaunti onse a mu database mmodzimmodzi.

Kawirikawiri vuto limapezeka pa maakauntiwa. Ofesi yonse imalowa ndi akaunti imodzi ya root kapena sa, yomwe ili ndi mphamvu zonse, password yake italembedwa pakapepala pansi pa kiyibodi. Ndalama zikasowa palibe amene angaloze chala, poti log, kaundula wa zochitika mu database, imangoonetsa dzina limodzi. Wogwira ntchito amene anachoka chaka chatha akadali ndi njira yolowera. Ife timapatsa munthu aliyense akaunti yake ndi mphamvu zongokwanira ntchito yake: wolandira ndalama aziwerenga ndi kulowetsa malipiro, koma asamafufute kapena kutulutsa tebulo lonse mu Excel. Fayilo ya Excel yotumizidwa pa WhatsApp ndi imene timaiopa kwambiri kuposa akatswiri a kunja, chifukwa ikatuluka palibe firewall, mpanda wotchinga makina pa intaneti, imene ingaibweze.

Pa seva timaika bind-address kuti database izimvera makina a mkati okha, ndipo wofuna kugwira ntchito ali kutali azidzera pa VPN, njira yotetezedwa yolowera mu makina a ofesi kudzera pa intaneti. Port 3389 ya Remote Desktop, khomo loyendetsera kompyuta uli kutali, timaitseka tsiku lomwelo. Ngati pali webusaiti, timayesa mabokosi olembamo ndi mawu ngati ' OR '1'='1; akadutsa ndiye kuti pulogalamu imasakaniza zolemba za mlendo ndi malamulo a SQL, chilankhulo cholamulira database, ndipo mankhwala ake ndi ma prepared statement, amene amalekanitsa ziwirizi. Ma password azisungidwa obisika ndi njira ya bcrypt; njira yakale ya MD5 inatha ntchito kalekale. Ma update timaika mwezi ndi mwezi. Kampani ya Equifax ku America inabedwa zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni mu 2017 chifukwa cha chiboo cha mu pulogalamu ya Apache Struts chimene chigamba chake chinali chitatuluka kale miyezi ingapo m'mbuyomo.

Backup timasunga makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi kunja kwa ofesi. Usiku uliwonse pulogalamu ya mysqldump imatulutsa kope la database, ya gpg imalikhoma, ndipo diski imodzi imakhala yosalumikizidwa chifukwa ransomware, pulogalamu ya akuba ofuna dipo, imakiya chilichonse chimene yachifikira. Kamodzi pa mwezi timabwezeretsa kopelo pa makina ena n'kuyerekeza chiwerengero cha mizere. Takumanapo ndi ma backup a 0 KB, opanda kanthu, amene ankalembedwa miyezi yambiri diski itadzaza. UPS, batire yothandiza magetsi akazima, nayo ndi yofunika, poti magetsi akazima database ili mkati molemba, matebulo amaonongeka.

Chovuta pa bizinesi imeneyi n'chakuti anthu amafuna kulipira zinthu zitaonongeka kale. Mafoni anachuluka kumayambiriro kwa 2024 pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata, a Lazarus Chakwera, omwe anali pulezidenti nthawiyo, n'kuuza nyumba ya malamulo kuti makina analowereredwa ndi anthu ofuna dipo. Chaka chomwecho kunabwera lamulo la Data Protection Act, limene limayang'aniridwa ndi MACRA. Kuyambira pamenepo tinasiya ntchito za kamodzi n'kamodzi. Kasitomala amalipira pa mwezi, ife timawerenga ma log sabata iliyonse, ndipo miyezi itatu iliyonse timakhala pansi ndi abwana a bungwe kuyerekeza mndandanda wa maakaunti ndi wa anthu amene akulandira malipiro.