Loweruka: masikirini awiri pa tebulo la alamu

Lero ndaswera kwa alamu anga ku Chilomoni. Iwo ndi amene amasunga mabuku a ndalama a kasitolo kawo ka zipangizo zomangira, ndipo mwezi ukamatha amachezera pa laputopu, uku malisiti ojambulidwa pafoni, uku Excel (pulogalamu yolemberamo manambala m'matebulo), zonse pa kasikirini kamodzi. Akatsegula lisiti, Excel yabisika. Akabwerera ku Excel, nambala ija yathawa m'mutu. Ndiye anagula monita yakaunjika n'kundiimbira kuti ndidzawalumikizire.

Nditangoitembenuza monitayo ndinaona povuta. Kumbuyo kwake kuli kabowo ka VGA, kabuluu kaja ka timaenje 15, pomwe laputopu yawo ili ndi HDMI yokha. HDMI imatumiza chithunzi cha digito, VGA ndi ya analogi, choncho chingwe wamba sichingathandize. Pamafunika kachipangizo kosinthira, kokhala ndi chipu m'kati. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukakafuna. Amene mukufuna kugula, chonde werengani bwino pa paketi: kameneka kamayenda njira imodzi basi. Kochokera ku HDMI kupita ku VGA n'kosiyana ndi kochokera ku VGA kupita ku HDMI, ngakhale maonekedwe ake ali pafupifupi amodzi.

Titalumikiza, monita inayaka n'kuonetsa zomwe zomwezo za pa laputopu. Alamu anapukusa mutu. “Ndiye mlamu, ndalama zanga zapita kuti ndizionera chinthu chimodzi kawiri?” Ndinawauza kuti agwire batani la Windows ndi P pamodzi. Panatuluka zosankha zinayi, ndipo zimene zinali kuchitikazo ndi Duplicate. Tinasankha Extend, pomwepo monita inasanduka malo atsopano, opanda kanthu, oti n'kukokerako chilichonse.

Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, koma ine ndimati ntchito yeniyeni yagona pano. Monita tinaiika kumanzere, koma kompyuta inkaganiza kuti ili kumanja, moti mausi imakakamira m'mphepete osawoloka. Tinalowa mu Settings, System, kenako Display, n'kudina Identify. Pa laputopu panabwera 1 wamkulu, pa monita 2. Ndinawasiyira mausi kuti akoke okha kabokosi ka 2 kupita kumanzere, n'kukakweza pang'ono chifukwa monitayo ndi yaitali kuposa laputopu. Ndinkafuna kuti dzanja lawo lizolowere, asamadikire ine.

Zilembo zinkaoneka ngati zili m'nkhungu. Tinaika resolution, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, pa 1920 x 1080, imene Windows inalemba kuti ndiyo yoyenera monitayo, kenako ndinadina kabatani ka Auto pansi pa monita, kamene pa VGA kamawongola chithunzi. Manambala anayera mbee. Mawu nawo anali atasowa, popeza kompyuta inayamba kuwatumiza ku HDMI pomwe VGA sinyamula mawu. Tinangowabwezera ku masipika a laputopu.

Achemwali anatiitana kunsima, koma alamu anakana kudzuka. Anali ataika lisiti la simenti pa laputopu, Excel yatambasuka pa monita, akulemba osadinadina. Ndinawaonetsanso kuti Windows, Shift ndi kamuvi zimaponya pulogalamu ku sikirini ina. Pansi pa monita tinaikapo mtolo wa mapepala osatsegula kuti m'mphepete mwake mwa pamwamba mufanane ndi maso, khosi lisamapweteke.

Chakumadzulo magetsi anathima. Monita ilibe batire, ndiye zonse zinathawira pa laputopu. Atayaka, Windows 11 inabwezera Excel pamalo pake, chifukwa imakumbukira pomwe pulogalamu iliyonse inali. Chimene chandidetsa nkhawa n'chakuti zonsezi zalumikizidwa pa ekisitenshoni yotchipa, ndipo mvula ya ziphaliwali yayandikira. Ndawapempha alamu kuti Lolemba agule yokhala ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo avomera.