Mmene ndinakwerera zitunda za Comrades kuchokera ku Durban

Comrades Marathon sungangodzuka n'kukathamanga. Choyamba umayenera kumaliza mpikisano wina wovomerezeka wa makilomita 42.2 m'nthawi imene okonza aika, ndipo nthawi yakoyo ndi imene imakupatsa gulu loimamo poyambira. Ukathamanga bwino umaima chakutsogolo. Ife othamanga wamba timaima kumbuyo, ndipo zimenezi zili ndi mtengo wake, chifukwa mfuti ikalira pamapita mphindi zingapo usanafike n'komwe pamzere woyambira.

Mpikisanowu anauyambitsa Vic Clapham mu 1921 pokumbukira asilikali anzake amene anafa pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Umachitika m'nyengo yozizira, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg ku South Africa, mtunda wopitirira makilomita 85. Chaka china amatsika kupita kunyanja, chaka china amakwera. Ine ndinasankha chaka chokwera, kuchokera ku Durban kupita ku Pietermaritzburg, ndipo nthawi yomwe aliyense amapatsidwa ndi maola 12 basi.

Ife a ku Chipata tili ndi mwayi umene ambiri sitiuwerengera. Tawuni yathu yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo sufunika kukwera basi kuti ukapeze chitunda. Pakati pa sabata ndinkakwera phiri la Kanjala mobwerezabwereza kusanache. Loweruka ndinkatenga msewu wopita ku Mwami, mphwanga akunditsatira pa njinga atamangirira chigubu cha madzi ndi nthochi pa keliyala. Chimene ndinachilimbikira kwambiri, ngakhale anzanga a m'kagulu kathu ankachiona ngati ulesi, ndi kuphunzira kuyenda ndawala pachitunda. Kuthamanga pang'ono, kuyenda pang'ono, manja akugwira ntchito, msana uli chilili. Amene akufuna kupita chaka chokwera aphunzire zimenezi kuno kwathu, miyendo izolowere kuyambiranso kuthamanga itayenda.

Za ulendo sindichulukitsa: basi mpaka ku Lusaka, ndege mpaka ku Durban, kukatenga nambala ya pachifuwa, kudya msanga, kugona.

Tinayambira pa City Hall ya Durban nthawi ya 5:30 m'mawa, kuli mdima. Mfuti isanalire amaika mawu ojambulidwa a Max Trimborn, wothamanga wina wakale, akulira ngati tambala, mwambo wa kalekale. Kenako khamu lonse limayamba kusuntha. Zikwangwani za m'njira sizikuuza mtunda umene wathamanga, zimakuuza umene watsala, ndiye poyamba ndi bwino osaziyang'ana kwambiri.

Zitunda zazikulu zilipo zisanu, ndipo zitatu zimabwera usanafike pakati. Cowies Hill imakupeza miyendo ikadali yamphamvu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka osadziwa. Ine ndinayenda mbali ina ya chitundacho, anthu akundipitirira mbali zonse. Mtima umawawa ndithu kuona ena akukudutsa, koma ndinadziwa chimene chinali kutsogolo. Fields Hill, ukangodutsa Pinetown, ndi yaitali pafupifupi makilomita atatu, yokhotakhota, ndipo ukaganiza kuti yatha umapeza ikupitirira. Pamenepo ndinakumana ndi bambo wina wachikulire wovala nambala yobiriwira, chizindikiro chakuti wamaliza Comrades kakhumi kapena kupitirira. Ankawerenga mitengo ya magetsi: kuthamanga ingapo, kuyenda umodzi. Sitinamvane bwino chilankhulo, koma anandikodola ndi dzanja kuti ndimutsatire, ndipo tinakwera limodzi mpaka pamwamba. Botha's Hill ndinaikwera ndi njira yomweyo.

Kufupi ndi Drummond, pamene pali pakati pa ulendo, pali kamphako m'mbali mwa msewu kotchedwa Arthur's Seat. Amati Arthur Newton, amene anapambana mpikisanowu kasanu m'zaka za m'ma 1920, ankapumirapo. Othamanga amasiyapo duwa ndi kumupatsa moni. Nanenso ndinathyola kaduwa ka m'tchire n'kusiyapo, monga mmene timachitira ulemu tikamadutsa pakhomo pa akuluakulu.

Ukangochoka pa Drummond, chitunda cha Inchanga chayamba. Kwa ine apa ndi pamene mpikisano unayambira zenizeni. Dzuwa linali litakwera, mchere utauma mbuu pa kabudula, ndipo ntchafu zinayamba kugwira. M'mbali mwa msewu anthu anali phee, mutu pansi, ena atakhala pa miyala akusisita akatumba. Ambiri mwa iwo ndi aja anandidutsa pa Cowies. Ndinadya mbatatesi yophika yothira mchere imene amagawa pa matebulo, ndinamwa Coke wosakaniza ndi madzi, n'kupitiriza ndawala yanga. Musadikire njala kapena ludzu, abale anga. Pofika apa m'mimba mumakana chilichonse, ndiye uyenera kukhala utayamba kudya pang'onopang'ono kuyambira m'mawa.

Kutsika Inchanga umapeza ana a pasukulu ya Ethembeni, ana olumala, atandanda m'mbali mwa msewu, ena pa njinga zawo, manja atatambasula kuti uwagwire. Ndinagwira manja onse amene ndinatha kufikira, ndipo misozi inatuluka.

Harrison Flats ilibe chitunda chachikulu, koma ilibenso mthunzi, ndipo anthu ochemerera amachepa. Apa ndinalowa "basi", gulu lotsogozedwa ndi munthu wonyamula kambendera kolembedwa nthawi imene akufuna kumalizira. Iye ndi amene amanena poyenda ndi pothamanga, iwe umangotsatira. Basi imeneyo inandidutsitsa Cato Ridge, Camperdown, mpaka Umlaas Road, malo okwera kwambiri pa njira yonse.

Polly Shortts, chitunda chachikulu chomaliza, sifika makilomita awiri, koma imabwera utathamanga kale pafupifupi 80. Usanaifike pali kachitunda kena kamene kamanamiza anthu kuti ndi yomweyo. Pa Polly weniweni palibe amene ankathamanga mwa anthu onse amene ndinali nawo. Ndinaika manja m'chiuno, maso pa nsapato za munthu wa patsogolo panga, n'kukwera. Pamwamba panali malo omaliza ochotsera ochedwa mumpikisano, ndipo nditadutsapo ndinadziwa kuti ndikafika.

Ndinalowa m'bwalo la mahatchi la Scottsville ku Pietermaritzburg ola lomaliza, ndipo anandiveka mendulo ya Vic Clapham, imene amapatsa omaliza pakati pa maola 11 ndi 12. Ndi kamendulo kakang'ono zedi. Sindinachoke msanga. Ndinakhala pa udzu kudikira kutha kwa maola 12, pamene mkulu wa mpikisano amafulatira othamanga n'kuwomba mfuti, ndipo mzere umatsekedwa pomwepo. Ndinaona mayi wina atatsala ndi masitepe owerengeka, anthu awiri osamudziwa atamugwira m'mapewa. Mfuti inalira asanafike, ndipo onse atatu sanalandire mendulo.