Mango a mu Okutobala

Ndimagulitsa zipangizo za mafoni ku Down Shops kuno ku Chipata, ndipo pa shelefu ya pakona pamakhala ma vape, fodya wamagetsi uja, ndi madzi ake. Wogula botolo sachoka ndisanamulalikire kuti madziwa ali ndi adani atatu: kutentha, kuwala ndi mpweya. Anyamata a njinga amene amaima pakhomo mpaka anandipatsa dzina loti abusa a mabotolo. Ulaliki womwewo ndi umene ndinauiwala tsiku limene ndinachoka ku Mfuwe kupita kwa apongozi anga, kufupi ndi Mtenguleni kumene kumachitikira mwambo wa Angoni wa Nc'wala, kukakamba za ukwati wa mlamu wanga.

M'botolo muja mumakhala zinthu zinayi. Muli propylene glycol, imene amangolemba kuti PG, yopepuka ngati madzi. Muli VG, glycerin wochokera ku mafuta a zomera, wonanda ngati uchi komanso wotsekemera pang'ono. Kenaka zokometsera ndi nikotini. Langa linali la 60 ml, VG 70% PG 30%, nikotini 6 mg pa mililita iliyonse, la fungo la mango, ndipo linali litafika theka.

Amene anapitako ku Mfuwe mu Okutobala akudziwa. Kutentha kumafika madigiri 40 uli pamthunzi, ndipo pa dashibodi ya galimoto yotseka mawindo kumapitirira 60. Botolo langa linagona pamenepo masiku asanu, dzuwa likuliwomba. Theka la botolo linali mpweya, ndipo nikotini ikakumana ndi mpweya pamalo otentha imawonongeka msanga. Madzi amene ndinabwera nawo ali mbee ngati mafuta ophikira ndinawapeza ali ngati tiyi wopanda mkaka. Nditakoka kamodzi, pakhosi panapalika ngati ndameza tsabola wa kambuzi. Kuda pang'ono kokha si vuto, madzi a nikotini amatero akamakalamba. Koma akayamba kukanda pakhosi, zokometsera zitazilala, ndiye kuti apita, ndipo palibe chowabwezera.

Ine umbombo. Ndinathira theka la thanki ya vape yanga ya 4 ml, ndinapotokola chitsekero cha botolo mothamanga, zonse ziwiri n'kuponya m'thumba lakutsogolo la thalauzi yanga ya khaki, yositidwa bwino chifukwa cha apongozi.

Apa ndinalakwa zinthu zitatu nthawi imodzi. Zitsekero zoteteza ana zija zimafuna kukanikiza kwinaku ukupotokola mpaka zigwire, ndipo changa chinalowa chopendekeka. Thanki ndinaigoneka cham'mbali, timabowo ta mpweya tili totsegula. Ndipo inali yatheka. Msewu wochoka m'chigwa cha Luangwa umakwera mamita pafupifupi 500 kuti ufike ku Chipata, ndiye mpweya wotsekeredwa m'thanki umafufuma, kutentha n'kuuwonjezera mphamvu. VG ikatenthedwa imasungunuka n'kukhala ngati madzi. Mpweya uja umaikankha kudzera m'thonje la koyilo, kawaya kotenthetsa madziwo, n'kutulukira m'timabowo tija. Pa ulendo, thanki iyenera kukhala yopanda kanthu kapena yodzaza, yoimirira, timabowo titatsekedwa. Ndimawauza anthu zimenezi tsiku ndi tsiku.

Pantchafu ndinkamva kunyowa, koma mu Okutobala ndani sanyowa? Ndinati ndi thukuta.

Tinafika. Ndinanjuta chapatali monga mwa mwambo, manja ndikuwomba. Apongozi aakazi anayankha moni maso ali kumbali, chitenje chili pakamwa. Ndinati ulemu wa apongozi umenewo. Anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, umene zipatso zake zinali zikadali zobiriwira. Ndiye kamwana ka mlamu wanga kanabwera, kanaima patsogolo panga, kanaloza n'chala.

"Amama, amalume adzikodzera!"

Ndinayang'ana pansi. Chibanga chachikulu ngati mbale ya ndiwo, pamalo penipeni pamene munthu wamkulu safuna chibanga. Akanakhala madzi wamba, dzuwa lija likanaumitsa m'mphindi khumi. VG siuma choncho. Imayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo chibangacho chinangokhala chonyezimira ngati ndapaka vaselini.

Apongozi aamuna ananunkhiza kawiri, anayang'ana mumtengo, kenaka anayang'ana ine.

"Akamwini, kodi ku Mfuwe mango apsa kale?"

"Ayi bambo, ndi mankhwala chabe."

"Ooh. Pepani. Matenda a shuga ndi ovuta."

Mlamu wanga anagwa pamphasa ndi kuseka. Nyerere nazo zinali zitamva uthenga. Zinakwera mwendo wa mpando pamzere, kulowa m'thalauzi, ine ndikuyesa kufotokoza za mbuzi ndi matumba a ufa a paukwati, miyendo ikuvina yokha. Posakhalitsa mutu unayamba kuzungulira, nseru ikubwera. Nikotini imalowa pakhungu, ndipo ntchafu yanga inali itamwa kwa maola awiri. Zikatero, vulani chovalacho msanga, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri. Ndinapepesa, ndinatulutsa botolo ndi vape n'kuziika pampando, ndinathamangira kubafa.

Apa ndiye panali kupusa kwenikweni, ndipo sindikuseka. Pobwera ndinapeza kamwana kaja kakulira, botolo lili m'manja mwa agogo ake. Anakalanda kali pafupi kuliika pakamwa. Chinthu chonunkhira mango, chitsekero chosagwira, mwana wa zaka zinayi aganiza chiyani? M'botolo munali mutatsala mwina 20 ml, kutanthauza 120 mg za nikotini, zokwanira kumupweteka mwana koopsa. Mabotolo ena amalembedwa 35 kapena 50 mg pa mililita, amenewo ndiye sanenedwa. Mwana akamwa, musamusanzitse dala ndipo musadikire kuti muone. Thamangani naye kuchipatala, botolo mulitenge.

Apongozi aakazi sanandikalipire. Anatseka botolo lija bwinobwino, analipukuta, analiika m'chitini cha chivindikiro, chitinicho m'trangi, trangi pa loko, m'chipinda cha nyumba yaudzu mmene mumazizira ngakhale masana. Analankhula kudzera mwa mkazi wanga.

"Uwauze amuna ako kuti fodya sasiyidwa padzuwa. Wanga wa m'mphuno amakhala m'kabotolo kotseka, pamdima."

Ndiye ulaliki wanga wonse umenewo. Malo a mdima, ozizira bwino, madigiri a pakati pa 15 ndi 25, botolo loimirira, lotsekedwa, pamene mwana safika. Botolo losatsegula limakhala pafupifupi zaka ziwiri kuchoka tsiku limene linapangidwa, koma lotsegula musalisunge miyezi yambirimbiri. Lalikulu likafika theka, thirani otsalawo m'timabotolo ta 10 ml, makamaka ta galasi lakuda, mudzaze mpaka kukhosi kuti mpweya usowe malo, ndipo mulembepo. Musanathire m'thanki, khutchumulani kaye.

Ena amandifunsa za firiji. Ine sindiikonda. VG ikazizira imalimba, thonje silimwa msanga, mukakoka n'kumva thonje lopserera. Magetsi akamathimathima, botolo limazizira n'kutenthanso, mkati mumachita mame, madzi n'kusukuluka. Komanso firiji ndi kumene ana amasakako zotsekemera. Vape yeniyeniyo nayo musaisiye m'galimoto, batire ya lithium ikatenthedwa kwambiri imatha kuyaka.

Thalauzi yanga anaichapa n'kuiyanika pathandala, mudzi wonse ukuona. Apongozi aamuna anandibwereka yawo ya kutchalitchi. Iwo ndi aafupi komanso onenepa, ine wamtali ngati mulingoti. Zokambirana za ukwati ndinazimaliza nditaimirira pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, thalauzi ikulekezera m'munsi mwa mawondo, m'chiuno nditamanga ndi luzi. Madzulo tikutsanzika ndinanong'oneza mkazi wanga kuti akapemphe botolo lija kuti ndikalitaye bwino. Anabwera chimanjamanja.

"Akuti kiyi ali naye iwo. Mudzalitenge pa Nc'wala, mukadzakula."